Dzenje musakumbe achimwene, yambani mwatulutsa chimanga m'galajamo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Area 49 mu Lilongwe. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Ali ndi galaja yogundizana ndi nyumba, mamita 6 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, yofolera ndi malata. M'katimo muli Toyota Hilux yakale ya injini ya 3L imene anagula kuti aziidzutsa pang'onopang'ono, ndipo Corolla ya mayi akunyumba amaikonzeranso momwemo. Mulinso matumba a chimanga, makala, njinga za ana ndi zigubu za petulo wa jenereta. Iwo akuti: "Ndatopa ndi kukwawa pansi pa galimoto komanso kusakasaka sipanala ya 12 m'chidebe. Kandalama ndasonkhanitsako. Kodi ndikumbe dzenje ngati la m'magalaja a m'tauni, kapena ndipirire mpaka ndidzakwanitse lifiti yokwezera galimoto? Ndiyambire pati?"

Achimwene, dzenje musakumbe, ndipo za lifiti ziiwaleni kaye. Ndalama imene muli nayoyo ipite pansi pamene galimoto imaima, pa zimene zimaigwira ikakhala m'mwamba, ndi pa magetsi. Zina zonse zibwere pambuyo.

Lifiti ndiithetse msanga. Ya mizati iwiri imafuna denga lotalika mamita atatu ndi theka kapena kuposerapo, ndi konkire yolimba yosachepera masentimita 10 kunenepa kwake, poti mizati yonse imadalira mabawuti omangidwa m'konkiremo. Galaja za nyumba zathuzi denga lake ndi lalifupi ndipo simenti yapansi amangoyala mopyapyala. Kuti lifiti ilowe, ndiye kuti mukumanga galaja ina.

Dzenje ndi limene limakopa ambiri chifukwa limaoneka lotsika mtengo: anyamata awiri, piki ndi fosholo, njerwa, basi. Koma taganizani za galaja yanuyo. M'lifupi ndi mamita 3.5 okha, ndiye dzenje loti munthu aime chilili mukhala mukulikumba pafupi kwambiri ndi maziko a nyumba imene mumagonamo. Ikafika Januwale madzi a pansi akwera, maenje ambiri otere amasanduka zitsime, ndipo chinyezi chake chimadya galimoto yoima pamwamba pake. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa petulo. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu, choncho umatsikira pamalo otsika n'kukhazikika pomwepo. Ukadzaza m'dzenje suoneka, ndipo kamoto kamodzi kothetheka pa giraindala kapena nyale yoduka waya n'kokwanira kuuyatsa muli momwemo. Onjezanipo ana amene amalowa kudzatenga njinga. Ndipo mukaunika bwino, ntchito zambiri za pakhomo, monga mabuleki, mashoko, ma bearing ndi ma ball joint, zimafuna kuti tayala lichoke pansi. Dzenje silinyamula tayala. Mudzafunabe jeke ndi masitandi (zitsulo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa), ndipo pamphepete pa dzenje jeke imakhala movutikira.

Musanagule kanthu kalikonse, tulutsani zonse zimene si za galimoto. Ndikudziwa kuti pamenepa pakhala kukambirana ndi mayi akunyumba, poti chimangacho sichinalowemo chokha, koma apa musagonje. Pamene pali chimanga pali makoswe, ndipo khoswe akapeza galimoto yoima miyezi amamanga chisa m'bokosi la air filter kapena kuseri kwa dashibodi n'kumatafuna mawaya. Kusaka waya woduka m'kati mwa mtolo wa mawaya ndi ntchito yotopetsa kuposa kutsitsa giyabokosi. Chimanga chakecho chimayamwanso fungo la dizilo. Makala nawo fumbi lake limalowa paliponse pamene mwatsegula injini. Zigubu za petulo zipite m'kanyumba kapadera kolowa mphepo, kotalikirana ndi nyumba ndi khitchini. M'chipinda chimene mudzawotchereramo zitsulo musakhale petulo wosungidwa, ngakhale malita asanu.

Mukasesa, yang'anani simenti. Ngati ndi yosweka, yogumuka kapena yopendekeka, ikonzeni, chifukwa sitandi yoima pa mwendo umodzi ndiyo imagwetsa galimoto. Apa ndi pamene ndingaike ndalama ya dzenje ija: yalani konkire ya masentimita 10 mpaka 12, ndipo muipitirize kunja kwa chitseko mamita awiri kapena atatu, pa levulo imodzi ndi m'kati. Chifukwa chake ndi ichi. Hilux yanuyo ndi yotalika pang'ono kuchepera mamita 5 ndipo m'lifupi ndi pafupifupi 1.7. Ikalowa yonse, kutsogolo kumatsala malo osakwana kutembenuzira injini. Koma mukailowetsa chobwerera, boneti itayang'ana kuchitseko, kireni yonyamulira injini imayenda pa konkire yakunjayo, dzuwa likukuunikirani, utsi ukupita panja. Galaja yaing'ono imakula ndi kakhonde kameneka kusiyana ndi china chilichonse chimene mungagule. Konkire yatsopano muipatse masiku 28 musanaikepo penti. Pa yakale, matani pepala la pulasitiki pansi ndi tepi usiku umodzi. Mukapeza madontho kunsi kwake m'mawa, ndiye kuti chinyezi chikukwera ndipo penti idzangosupuka, ndalama yake isungeni.

Tsopano zogwira galimoto. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Munthu salowa pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yokha, kaya ikhale yatsopano, poti imadalira kalabala kakang'ono kamene kamatha kuphulika osachenjeza. Njerwa ndi mabuloko a simenti n'zoipa koposa: zimaoneka zolimba kenako zimaphwanyika kamodzin'kamodzi. Tonse taona magalimoto atakhazikidwa pa njerwa m'mbali mwa msewu, ndipo kuti ambiri amapulumuka sizitanthauza kuti njirayo ndi yabwino. Gulani masitandi anayi a matani atatu, ndipo muonetsetse ngati nambala yolembedwayo ndi ya sitandi imodzi kapena ya awiri pamodzi, chifukwa ambiri amalemba ya awiri. Pezani jeke yamatayala yokweza matani awiri ndi theka kapena atatu, ndi zipika zotchingira matayala otsala pansi. Pa Hilux sitandi imakhala pa chasisi kapena pa ekiselo. Corolla ilibe chasisi chapadera, ndiye mufufuze timipata tiwiri todindidwa pa msoko wachitsulo wa kunsi kwa zitseko, pomwe Toyota inalimbitsa dala. Mukakhazika, gwedezani galimoto ndi mphamvu musanalowe, ndipo tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa chasisi.

Chinanso chimene ndikukuletsani ndi kukoloweka cheni pa mtengo wa denga kuti mutulutse injini. Mitengo imeneyo anaiika kuti inyamule malata. Injini ya 3L ndi ya chitsulo cholemera, imapitirira makilogalamu 200. Kireni yopindika ya tani imodzi imakwana pakona mukamaliza, ndipo poti simudzaifuna kawirikawiri, mukhoza kungobwereka kapena kusonkherana ndi anzanu.

Kayalidwe ka m'kati kamachokera pa masamu aja. Mukachotsa 1.7 pa 3.5 mumatsala ndi 1.8, kutanthauza masentimita 90 mbali iliyonse galimoto ikakhala pakati. Malo amenewa ndi anu ogwadira ndi kutsegulira chitseko, ndiye pansi m'mbali mwa makoma musaikepo kabati. Mashelufu akhale osapitirira masentimita 30 m'lifupi, oyambira pamwamba pa phewa. Thebulo logwirirapo ntchito lipite kukhoma lakumapeto, lisapitirire masentimita 50 kapena 60 m'lifupi, ndipo lilimbe moti mukhoza kumenyapo hamala. Wowotcherera wa pamsika akhoza kukupangirani la engo ayoni ndi thabwa lonenepa pamtengo wabwino kusiyana ndi la m'sitolo. Limangeni kukhoma ndi mabawuti, ndipo vaisi yopanira zitsulo ikhale pakona, pamwamba penipeni pa mwendo, kuti mphamvu yomenyayo izitsikira pansi.

Za sipanala yosowa ija, vuto si kuchuluka kwa zida koma kuti zonse zili m'chidebe chimodzi. Magalimoto a ku Japan amadya manambala ochepa: 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Onjezanipo 21 ya manati a matayala a Toyota ndi 16 ya mapulagi a ma Corolla ambiri. Zimenezi zikhale pa thabwa lokhomedwa pakhoma pamwamba pa thebulo, chilichonse pa msomali wake, mutajambula chithunzi chake ndi penti kuti chikasowa malo ake azioneka. Ma 13 ndi 15 amene anabwera m'seti apite m'dirowa, adikire tsiku limene mnzanu adzabwere ndi galimoto ya ku Germany. Ndipo soketi ya 10 gulani zitatu. Aliyense amene anagwirapo Toyota akudziwa kuti imeneyi siichedwa kusowa. Chida chimodzi chokha chimene ndinganene kuti mugule tsopano ngati mulibe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira nati. Manati a matayala a Corolla amafuna 103 Nm, osati kudumphira pa wilo sipanala, ndipo mukadzafika pomanga hedi ya 3L ija simudzachitira mwina.

Galimoto yodzutsa pang'onopang'ono imafa ndi kuiwala. Mukamasula chinthu lero, mwina mudzachibwezera pakatha miyezi. Jambulani ndi foni musanamasule. Mabawuti a chinthu chimodzi alowe m'kajumbo kapena m'chitini chimodzi cholembedwa, ndipo a malo amene kutalika kwawo kumasiyana muwabaye pa katoni motsata mmene analili. Shelufu imodzi ikhale ya Hilux yokha, ina ya Corolla. Zitsulo zosapenta, monga kirankishafiti, muzipake oilo n'kuzikulunga, osazigoneka pa simenti, poti nyengo ya mvula dzimbiri siichedwa, ndipo m'mawa wa Juni malata amadontha thukuta. Thanki ya jenereta ndi ya galimoto ya petulo iliyonse imene iime nthawi yaitali muziikumbukiranso: petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, zomwe Malawi anayamba mu 1982, ndipo ethanol amakoka madzi a mumpweya. Brake fluid nayo imatero, ndiye botolo lotsegula lisagone chaka pa shelufu.

Magetsi musachite nokha ngati si ntchito yanu. A ESCOM amatipatsa 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imathera pa 13A, omwe ndi pafupifupi 3kW. Makina owotcherera ndi kompuresa zikayaka pamodzi pa chingwe chimodzi chochokera pabalaza, chingwecho chimatentha. Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA akoke mzere wa galaja yokha kuchokera pa bolodi, wokhala ndi bureka yake ndi earth leakage ya 30mA, imene imazimitsa magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu, chifukwa mudzagwira zida mutaima pa simenti yonyowa. Masoketi akhale pamwamba pa thebulo ndipo ina pafupi ndi chitseko yothandizira pakhonde paja. Nyale imodzi pakati pa denga n'njopanda pake: imaunikira denga la galimoto, ndipo mukatsegula boneti injini imakhala mumdima. Ikani machubu a LED m'mbali zonse ziwiri, pakani makoma laimu kapena penti yoyera, ndipo mukhale ndi nyale yotchaja ya maginito ndi ina yovala pamutu, poti magetsi amadziwa kuthima giyabokosi ili pachifuwa. Jenereta ikayaka, iyakire panja.

Pa utsi ndinene mosabisa, chifukwa galaja yanu yagundizana ndi nyumba. Injini isalire chitseko chili chotseka, ngakhale kwa mphindi zochepa. Carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsiwo, alibe fungo kapena mtundu, ndipo amadutsa pansi pa chitseko cholowera m'nyumba. Boolani khoma lakunja muike njerwa zolowetsa mphepo, zina m'munsi zina m'mwamba. Batire mukamatchaja imatulutsa hydrogen, mpweya woyaka msanga, ndiye ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi giraindala. Chozimitsira moto cha ufa cha makilogalamu 4.5 kapena 9 chikhale pafupi ndi khomo lotulukira, osati kuseri kwa galimoto kumene moto ungakutsekereni. Nsanza za oilo zilowe m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro. Oilo wakutha musathire mu ngalande kapena m'dzenje la zinyalala, makamaka m'dera limene anthu amamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Musungeni m'chigubu cholembedwa bwino ndipo mufunse kumene mumagula oilo kapena ku galaja yaikulu ngati amalandira.

Chomaliza ndi chitetezo cha zida zenizenizo. Galaja yoyalidwa bwino imaonetsa chilichonse kwa wodutsa pageti, ndipo masipanala ndi mabatire sachedwa kupeza wogula. Zenera likhale ndi zitsulo, chitseko chizitsekedwa ndi m'kati, ndipo torque wrench ndi zida zamagetsi zizigona m'bokosi lokhoma.

Ikatsalako ndalama pambuyo pa konkire, masitandi, jeke, magetsi ndi thebulo, ndiye ganizirani kompuresa ya malita 50. Ndi yokwanira kupopa matayala, kuuzira fumbi ndi kumasula manati apo ndi apo, koma yopentera Hilux yonse ndi yaing'ono. Pansi pa thanki yake pali kampopi kotulutsira madzi. Muzikatsegula mukamaliza ntchito, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, chifukwa thankiyo imayamba kuwola ndi m'kati.