Mumulandire ngati mwana wa pakhomo

Amayi, mwati mtsikana wa ku America akubwera kudzaphunzira ku University of Malawi ku Zomba kwa miyezi ingapo, adzakhala kwanu, ndiye mukufunsa kuti mudzamusamale bwanji kuti asamasowe kwawo. Ife tinasungapo wotere ku Matawale, wa zaka 20, wochokera ku Ohio. Ndikuuzeni zomwe tinaona.

Masabata awiri oyamba musade nawo nkhawa. Chilichonse chimamukoma: kabaza, msika, anyani a ku Chawe, zonse kujambula. Zinthu zimatembenuka cha m'sabata yachinayi. Wathuyo anayamba kuti akaweruka, moni wachidule, n'kukadzitsekera kuchipinda mpaka nthawi ya chakudya. Mtima unandiwawa, ndimvekere kaya tamulakwira chiyani, kaya ndi ndiwo zathuzi. Nditakhala naye pansi ndi pamene ndinamvetsa. Kwawo mwana amakula ali ndi chipinda chakechake, ndipo kutseka chitseko si mwano ayi. Komanso anali atatopa. Tangoganizani, kuyambira m'mawa ana akukukuwa kuti "mzungu, mzungu!", aliyense akufuna kucheza nawe, chinenero sukuchimva, ngakhale kutentha kwa kunja uyenera kuwerengera kaye chifukwa unazolowera muyeso wa ku America wa Fahrenheit. Ndiye pali nkhani ya nthawi. Ohio imatsalira ndi maola 6, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa Novembala amakhala 7. Mayi ake akamaweruka kuntchito 5 koloko madzulo, kuno n'kuti ili 11 usiku. Mwanayo ankachezera pa foni, m'mawa maso ali psuu.

Chomwe chinamuchiritsa si chakudya chachizungu, ngakhale ndinali nditawononga ndalama zambiri pa tchizi ndi soseji. Ndi ntchito. Ndinasiya kumukhazika pa mpando wa alendo ndi kumuikira supuni. Ndinamuphunzitsa kusadzula nkhwani, kuvundula nsima, kuomola. Ndinkamutuma kumsika kukagula matemba a ku Chilwa ali yekha, ndi Chichewa chake chophotchokacho. Tsiku loyamba anamukwezera mtengo, koma pofika mwezi wachitatu amayi a tomato ankamuikira basera asanapemphe. Mlendo ndi mame, inde, koma wa miyezi inayi mukamamusunga ngati dzira amangosungulumwa.

Pa zaulemu muzimuuza mosabisa, asamangolota. Kwawo ambiri amatchula akuluakulu dzina loyamba, ndiye mumufotokozere za "amayi", "abambo", za "inu" ndi "iwe", za kulandira ndi manja awiri. Kukagwa maliro m'dera lanu, mumuveke chitenje mupite naye. Wathuyo tsiku limenelo ndi pomwe anthu anasiya kumutchula mzungu wa kwa uje n'kuyamba kumuitana dzina lake.

Pomwe sindifuna kuti munyengerere ndi pa malungo. Thupi lake silinakumanepo nawo, ndiye akhoza kumugwetsa msanga kuposa ife. Neti usiku uliwonse, mankhwala oteteza omwe adzabwere nawo azimwa osadumphitsa, ndipo akangotentha thupi, tsiku lomwelo akayezetse. Anzake akadzamutengera kunyanja, mumukumbutse za likodzo.

Zina ndi zazing'ono koma zimapweteketsa. Kwawo magalimoto amayenda kumanja, ndiye powoloka msewu amayamba kuyang'ana mbali yolakwika. Masiku oyamba aziyenda ndi wina. Magetsi athu ndi a 230 volts pamene awo ndi 120. Tchaja ya foni ndi ya laputopu nthawi zambiri imalola zonse, bola adaputa ya mano atatu, koma choumitsira tsitsi chimapsa pomwepo. Pasipoti idzafunika polembetsa SIM, ndipo za chilolezo chophunzirira kuno afunsiretu ku ofesi ya sukulu asananyamuke.

Ngati adzakhalepo mpaka Novembala, musaiwale Lachinayi la nambala 4 m'mwezi umenewo. Ndi Thanksgiving, tsiku lomwe mabanja a ku America amasonkhana n'kudyera pamodzi, ndipo mwana amene ali kutali limamuwawa ngati mmene Khirisimasi ya kuchilendo imatiwawira ife. Nkhukundembo, yomwe iwo amadya pa tsikuli, sitinaipeze, tinapha tambala. Wathuyo anapota mbatatesi ndi mkaka, anatiuza kuti aliyense anene chinthu chimodzi chomwe akuthokoza. Itafika nthawi yake analankhula m'Chichewa, mawu akunjenjemera, ndipo agogo anamuyankha kuti, "Zikomo mdzukulu wanga."