Kope la Mkaka Likhale Buku la Masamu la Ana Anu

Funso: Ndine mayi wa ku Thyolo ndipo ndili ndi ng'ombe imodzi ya mtundu wa Friesian yomwe ndinailandira kudzera m'ndondomeko yopatsirana ng'ombe. Mkaka ndimagulitsa ku gulu lathu, koma ndalama zikabwera pakutha pa mwezi sindidziwa ngati ndapindula. Mwana wanga wa Sitandade 5 masamu akumuvuta, ndipo bambo ake akuti azitilembera za mkaka. Kodi n'koyenera kumusiyira ntchito yotere?

Yankho: Mayi, bambo a kunyumba kwanu aganiza bwino, chifukwa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa kumene mwanayo akuphunzira kusukulu ndi masamu omwewo amene khola lanu likufuna. Mugulireni kope lapadera, koma ndalama zenizenizo muzisunga ndinu, ndipo madzulo aliwonse muziona zimene walemba.

Ayambe ndi kuphatikiza. Ngati mwakama malita 7 m'mawa ndi malita 5 madzulo, tsikulo mwapeza malita 12. Kenaka achotsere malita 3 amene mwana wa ng'ombe wamwa ndi lita imodzi ya tiyi wa pakhomo, kuti otsala 8 akhale opita ku gulu. Pa masiku 30 malita amenewa amakwana 240, ndipo tikangoyerekeza kuti gulu likugula pa K500 lita, mwezi umenewo muyembekezere K120,000. Mtengowu ndi wachitsanzo chabe, choncho inu muikepo umene gulu lanu likulipira panopa. Chiwerengero cha mwanayo muzichifananiza ndi cha mlembi wa gulu musanalandire ndalama, ndipo tsiku limene mkaka wabwezedwa chifukwa wasasa lilembedwenso, pakuti masiku awiri okha otere ndi K8,000 yotayika.

Pamene alimi ambiri amasokera ndi pakuti amawerengera mwezi umene ng'ombe ikutulutsa mkaka wochuluka n'kumaganiza kuti chaka chonse chidzakhala chomwecho. Ng'ombe imatulutsa mkaka wambiri m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba itabereka, kenaka mkakawo umatsika pang'onopang'ono. Alangizi a ziweto amatiuza kuti ikamidwe kwa masiku pafupifupi 305, ndipo ipumitsidwe kwa miyezi iwiri isanaberekenso. M'miyezi iwiri yopumayo simulandira kanthu ku gulu, komabe ng'ombeyo imadya madeya, imanyambita mchere ndipo imafuna mankhwala a nkhupakupa monga mwa nthawi zonse. N'chifukwa chake phindu la ng'ombe ya mkaka limawerengedwa pa chaka chathunthu, osati pa mwezi.

Apa ndi pamene mwanayo adzaphunzire kugawa. Tiyerekeze kuti madeya, mchere ndi mankhwala zimakudyerani K45,000 pa mwezi, kutanthauza K540,000 pa miyezi 12. Tikaonjezapo K60,000 ya dokotala wa ziweto, ya kubereketsa ng'ombeyo ndi ya kukonza khola, zonse zakwana K600,000. Ngati m'masiku 300 ng'ombeyo yatulutsa malita pafupifupi 10 patsiku, mkaka wa chaka ndi malita 3,000, ndipo mukagawa K600,000 ndi 3,000 mupeza kuti lita iliyonse yakudyerani K200. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa zina zonse m'kopemo, popeza ndi imene imakuuzani ngati mtengo umene wogula akukupatsani uli ndi phindu. Kumbukiraninso kuti mkaka umene wamwedwa pakhomo nawonso wadya K200 yomweyo pa lita, ngakhale sunabweretse ndalama m'thumba.

Mwanayo akazolowera, mupatseni funso lovutirapo. Ng'ombe imakhala ndi bere kwa miyezi isanu ndi inayi, choncho kuti ibereke chaka ndi chaka iyenera kutenga bere lina pasanathe miyezi itatu itabereka. Ikachedwa n'kubereka patatha miyezi 15, ndalama za pa mwezi zija zimafika K675,000, ndipo pamodzi ndi K60,000 ija zimakwana K735,000. Ngati mkaka sunaonjezekere kwenikweni, lita imodzi yakwera kufika pa K245. Mlimi amene wawerengapo samu imeneyi sachedwa kuitana mlangizi akaona kuti ng'ombe yake ikufuna nkhunzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sakonda kuchilemba, koma ine ndimalimbikira kuti chilembedwe. Nsenjere zimene mumadula ndi madzi amene mumatunga sizaulere ayi, ngakhale kuti mumagwira nokha ntchitoyo. Funsani kuti waganyu angakulipiritseni zingati patsiku ndipo ndalama imeneyo muiike m'gulu la zotuluka. Mbali inayo, manyowa amene mwathira m'dimba la nsenjere kapena m'munda wa chimanga alembedwe ngati zolowa, molingana ndi feteleza amene mukanagula.

Pa K120,000 ya mwezi wabwino, patulani gawo limodzi mwa magawo asanu, yomwe ndi K24,000, n'kuisunga ku banki mkhonde kapena pa foni kuti idzadyetse ng'ombeyo m'miyezi yopuma. Samu imeneyinso mumusiyire mwanayo kuti aziwerengera yekha mwezi uliwonse, inu muzingotsimikiza yankho lake.