Dal dhokli yagwirana mumphika, ndinalakwitsa pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu ku Mulanje amene anakwatiwa ku Leicester, mzinda wa ku England, m'banja la amwenye ochokera ku Gujarat, chigawo cha dziko la India. Akuti Lamlungu lililonse apongozi awo aakazi amaphika dal dhokli, ndipo ana, azilamu ndi zidzukulu amabwera okha osaitanidwa. Tsopano manja a apongoziwo akuvuta ndi nyamakazi, ndiye mthiko wagwera mwini kalatayu. Alemba kuti: "Ndinaphika m'mamawa kuti anthu apeze zonse zili tayale, koma pofika masana msuzi unali utauma, zonse zitagwirana. Anadya mongondilemekeza. Ndinalakwitsa pati?"

Achemwali, mtima m'malo. Manja anu alibe vuto. Chimene chinakupwetekani ndi nthawi.

Ndiyambe ndi mawu awiri kwa anzathu amene sanalawepo. Dal dhokli ndi tizidutswa ta ufa wa tirigu wokanda tophikidwa mumsuzi wa nandolo. Nandolo wake ndi yemwe uja munakula naye, kungoti wouma, wochotsa makoko ndi kuswa pakati, amene apongozi anu amati tuver dal. Aliyense amene anaphikapo chipere wayenda kale theka la ulendo. India amalima nandolo wochuluka kuposa dziko lina lililonse koma samukwanira, n'chifukwa chake amagulanso ku Mozambique, Tanzania ndi kwathu kuno. Mu 2021 maboma a India ndi Malawi anagwirizana kuti nandolo wathu wokwana matani 50,000 azilowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Ine zimandikhudza ndikaganiza kuti mbewu imene makolo anu amabzala m'mizere ya chimanga ndi imene imasonkhanitsa banja la amuna anu.

Tsopano vuto lanu. Tirigu akawira amatulutsa ulimbo umene umalimbitsa msuzi, ndipo tizidutswa tija timapitirira kumwa madzi ngakhale mutaphula. Pakangotha ola limodzi msuzi umakhala watha. Choncho chakudyachi sachiphikiratu. Msuzi ndi ufa mukhoza kukonzeratu m'mamawa, koma kuponya ufawo mumphika kumadikira mpaka anthu atafika.

Msuzi wake ndi uwu, wa anthu anayi kapena asanu. Tsukani kapu imodzi ya nandolo ndi madzi ofunda, makamaka ngati mwagula wonyezimira uja amamupaka mafuta, wopezeka m'masitolo a mumsewu wa Belgrave Road ku Leicester komweko. Muviikeni kwa theka la ola, kenaka muwiritseni mpaka aphwanyike, n'kumutakasa asalale. Thirani madzi mpaka akwane makapu asanu kapena asanu ndi limodzi. Pano ambiri amachita mantha poona msuzi uli tepetepe, koma ndi mmene uyenera kukhalira, popeza ufa uja udzaulimbitsa wokha. Ikani tomato, jinja, tsabola, turmeric, mchere ndi mtedza wosakazinga wodzaza dzanja. Kenaka pamabwera ziwiri zimene zimasiyanitsa dal ya ku Gujarat ndi ya madera ena: chotsekemera ndi chowawasa. Chotsekemera ndi gol, shuga wa nzimbe wosayeretsa, ndipo akasowa shuga wabulauni amagwira ntchito. Chowawasa ndi kokum, chipatso choumitsa cha ku India, koma bwemba kapena mandimu zimalowa m'malo bwinobwino.

Vaghar, kutanthauza zokometsera zokazinga m'mafuta, musaidumphe. Tenthetsani mafuta pang'ono m'kachiwaya, ikani njere za mpiru zithetheke, onjezani cumin, cloves, kachidutswa ka cinnamon, masamba a curry ndi hing (ufa wokometsera wa fungo lamphamvu) wongotsina, n'kukhuthulira zonse mumsuzi zikadali pswii. Fungo limene limaitana ana pabwalo ndi limenelo.

Ufa ndi kapu imodzi ndi theka ya atta (ufa wa tirigu wophikira chapati), mchere, turmeric, tsabola wogaya, tinjere tonunkhira ta ajwain pang'ono ndi supuni ya mafuta. Kandani ulimbe kuposa wa chapati, muusiye upume, kenaka muupyapyalitse n'kuudula timabokosi. Msuzi ukamawira bwatabwata, ponyani kamodzikamodzi, malo osiyanasiyana, mukutakasa pang'onopang'ono. Mukakhuthulira pamodzi, kapena msuzi usanawire, timamatirirana ndipo mkati mumatsala mosapsa. Pakatha mphindi 12 mpaka 15 lawani kamodzi. Ngati sikakumveka ufa, phulani ndipo pakulani pomwepo, pamwamba muthire ghee (mafuta a batala woyenga), anyezi wosaphika, masamba a coriander ndi mandimu.

Koma mu kalata yanu mawu amene anandimvetsa chisoni ndi akuti munaphika nokha anthu asanabwere. Ndikumvetsa. Kwathu tinaleredwa kuti mpongozi waulemu salola mlendo kumupeza akuthamangathamanga kukhitchini. Chakudya ichi sichifuna ulemu umenewo. Munthu mmodzi sangapyapyalitse ufa, kudula, kuponya ndi kutakasa nthawi imodzi popanda china kuonongeka. N'chifukwa chake m'makomo ambiri wina amagwira ufa, ana amadula, wina amaima pamphika, ndipo onse amakhala pafupi chifukwa chikangopsa chiyenera kudyedwa. Ndikukhulupirira kuti Lamlungu la apongozi anu linamangidwa pa ntchito imeneyo. Azilamu anu anakula akuchita zimenezi, ndipo mukawapatsa mpeni sadzaona ngati mwawanyoza.

Apongoziwo musawasiye pabalaza. Nyamakazi yawalanda manja okha, lilime likadalipo. Aikireni mpando pafupi ndi mbaula, muziwapatsa supuni alawe, anene okha ngati pakufunika gol kapena kokum. Muyezo wa ziwirizi umasiyana nyumba ndi nyumba, ndipo umene ana awo akuufuna sindingakulembereni ine. Afunseninso ngati amaika adyo ndi anyezi, chifukwa mabanja ena, makamaka a chipembedzo cha Jain, sadya zimenezi.

Zikatsala musataye. Potenthetsa thirani madzi owira pang'ono, moto ukhale wochepa, ndipo mufinyirenso mandimu. Mudzandilembere mmene Lamlungu likubwerali liyendere.