Kodi mankhwala a Alzheimer's apezekadi?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kunjaku kwapezeka mankhwala ochiza Alzheimer's, matenda a ubongo ochititsa munthu kuiwalaiwala, poti amayi anu ayamba kuiwala mayina a zidzukulu komanso kusochera pochokera kuchigayo. Ochiziratu kulibe. Amene alipo ndi ongochedwetsa matendawa.

Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza mankhwala otchedwa lecanemab mu 2023 ndi donanemab mu 2024. Onse awiri amachotsa puloteni yotchedwa amyloid imene imaunjikana mu ubongo. Pa kafukufuku wa anthu 1,795, lecanemab anachepetsa liwiro la kufooka kwa nzeru ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Sikuti wodwalayo amabwerera mwakale ayi, amangofooka mochedwerapo. Poyamba lecanemab amaperekedwa kudzera m'diripi milungu iwiri iliyonse, ndipo amathandiza okhawo amene matenda angoyamba kumene. Ena ubongo umatupa kapena kukha magazi, n'chifukwa chake amawajambula ubongo ndi makina a MRI pafupipafupi. Ku Britain, bungwe lolangiza za mankhwala la NICE linakana kuti NHS, yomwe ndi zipatala za boma, izigula mankhwalawa, ati phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi mtengo wake.

Ineyo chimene chikundipatsa chiyembekezo ndi kuyeza magazi pofuna kudziwa ngati munthu ali ndi matendawa. Mu 2025 FDA inalola njira yoyeza puloteni ya p-tau217 m'magazi, pomwe kale zinkalira kutenga madzi a pamsana kapena kujambula ubongo ndi makina a PET.

Amayiwo mupite nawo kaye kuchipatala. Kuiwalaiwala kumabweranso ndi kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko kapena HIV, zomwe thandizo lake lilipo. Achibale muwauziretu kuti ndi matenda, anthu asanayambe kunong'onezana za ufiti.