Ndimadzilipirira koleji ku America, kodi IRS, bungwe la misonkho la kumeneko, indipatsa madola 1,000 aja?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana wa zaka 21 yemwe ali ndi green card (chilolezo chokhala ku America mokhazikika) ndipo akuphunzira digiri yoyamba ku America. Makolo ake ali ku Malawi, samutumizira kanthu. Amadalira ganyu ndi ngongole ya sukulu. Akufunsa ngati angalandire gawo lobwezedwa la American Opportunity Tax Credit, chithandizo cha pa msonkho cha olipira koleji.

Achemwali, kudzidalira pakokha sikokwanira. Chithandizochi chimafika madola 2,500 pa chaka: madola 2,000 oyamba a fizi ndi mabuku amawerengedwa onse, kenako kotala ya 2,000 otsatira. Mwa ndalamazo, 40 peresenti, mpaka madola 1,000, imabwera m'manja ngakhale mulibe msonkho wolipira.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Wophunzira wa full-time amene sanakwanitse zaka 24 pofika pa 31 Disembala salandira gawo lobwezedwalo ngati kholo limodzi lili moyo, sakulemba msonkho limodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, ndipo ndalama zimene anagwirira ntchito sizinafike theka la zimene anagwiritsa ntchito pa moyo wake chaka chimenecho. Lamulo silifunsa kuti kholo lili kuti kapena limathandiza; bola lili moyo, kaya ku Dedza.

Ndiye werengerani bwino. Tinene kuti lendi, chakudya, fizi, zovala, mankhwala ndi mayendedwe zakwana madola 24,000. Malipiro anu ayenera kufika 12,000. Mukapeza 9,000 pa ganyu, zina zonse n'kukhala ngongole, mwadzisamaliradi nokha, koma 1,000 ija mwaiphonya, chifukwa ngongole si malipiro. Sikolashipu yokha siilowa m'chiwerengero cha zosamalira moyo, ndipo izi zimakukomerani.

Malipiro akapanda kufika thekalo, chongani kabokosi ka pa mzere 7 wa Form 8863, fomu yopemphera chithandizochi. Chithandizo chonse chimangochepetsa msonkho umene muli nawo. Akafika, gawo lobwezedwa limapita pa mzere 29 wa Form 1040, fomu ya msonkho ya chaka ndi chaka. Sungani Form 1098-T, fomu yosonyeza fizi yochokera ku koleji, ndi malisiti a mabuku.

Anzanu a viza ya ophunzira ya F-1 amene amalemba Form 1040-NR, fomu ya msonkho ya alendo, alibe mwayiwu n'komwe. Ndipo musayerekeze kungodzaza mosasamala: IRS imaitanitsa ndalamazo, ndipo ingakuletseni chithandizochi kwa zaka 2, kapena 10 ikapeza chinyengo.