"Tekisi yandithira matope": pa Chingerezi tinena kuti chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi ena a ku Rosettenville. Mwana wawo wamkazi ali mu Giredi 11, ndipo anabwera kuno ku Joni atamaliza Sitandade 8 kumudzi. Aphunzitsi a Chingerezi anauza ana kuti alembe chimangirizo chosimba za tsiku lomwe zinthu sizinawayendere. Mtsikanayo analemba za tsiku lina pomwe tekisi inamuthira matope ataima m'mbali mwa msewu, malaya oyera a yunifolomu n'kusanduka ena. Poyamba analemba kuti "The taxi poured me mud." Ataona kuti sizikumveka bwino, anafufuza pa foni n'kupeza mawu akuti "bespattered". Pepala pobwerako, aphunzitsi anali atazunguliza mawuwo ndi bolopeni yofiira, pambali pake n'kuika chizindikiro cha funso. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi mawuwa ndi olakwika, kapena aphunzitsiwo ndiwo sawadziwa? Ine ndimayesa mawu akuluakulu ndiwo amabweretsa malikisi."

Mayi, mawuwo si olakwika ayi. Alipo ndithu m'Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo mwana wanu ankafuna: kuwazidwa matope kapena zonyansa thupi lonse. Vuto ndi lakuti ndi mawu okalamba. Mungawapeze m'mabuku akale, koma simungamve munthu akuwatchula pa renki ya Bree kapena pa Park Station, ngakhale mzungu amene. Taganizani mwana atalowa mu spaza, kagolosale kakang'ono, kukagula buledi, n'kuyamba kuyankhula ngati nkhoswe pabwalo la mfumu. Palibe liwu lomwe walakwitsa, komabe wogulitsa amuyang'ana kawiri. Ndikuganiza kuti chizindikiro cha aphunzitsi chija chikufunsa kuti: mawu awa ndi ako, kapena wawabwereka?

Tsono ndiyankhule ndi iwe mwana wanga, pakuti ndikudziwa kuti mayi akuwerengera pafupi nawe.

Usanafunefune liwu la Chingerezi, yamba waona chomwe chinachitika, ndipo uchione m'Chichewa. Ife tili ndi mwayi wa mvekero. Kodi tayala litaponda m'chithaphwi madzi amatope anangoti phwaa pa iwe? Kapena anali timadontho chabe tomwe tinakudumphira pa sokosi ndi m'munsi mwa siketi, n'kukhala mawangamawanga ngati nkhanga? Kapena anali matope olimba ngati phala, omwe anati phatha pamalaya n'kumayenderera? Ukayankha funso limeneli, liwu lake likupeza lokha, chifukwa Chingerezi chili ndi mneni wa chilichonse mwa zitatuzi.

Wa phwaa uja ndi "splash". Ndiye liwu la tsiku ndi tsiku, ndipo ukamakayika, gwira limeneli. "A taxi splashed me with mud." Aliyense amva, kuyambira mwana wa kukireshi mpaka bwana wa ku Sandton. Wa timadontho uja ndi "spatter": "My socks were spattered with mud." Liwu limeneli limakoma polemba kuposa poyankhula, ndipo likadakhala m'chimangirizo chako, ndikukhulupirira kuti aphunzitsi akadachonga. Ona kuti ndi liwu lako lija, langovula chipewa cha "be-" chomwe chimalikalambitsa. Wa phala uja ndi "splatter", wa zinthu zolemererako zomwe zimamwazika moipa zikagunda penapake, monga matope, penti kapena dzira. Ngati unagwamo m'matopemo, zonsezi zisiye, ungoti "I was covered in mud." Akaumira pansapato n'kupanga chikhokho, amati "caked in mud".

Pomwe ana athu ambiri amagwera si pa liwu kwenikweni, koma pa kamangidwe ka chiganizo. M'Chichewa timangoti "yandithira matope", munthu ndi matope n'kutsatana popanda kanthu pakati. Ndiye chifukwa chake dzanja lako linathamangira kulemba "poured me mud". Chingerezi sichilola zimenezo. Chimafuna mperekezi: mwina utchule munthu kaye, "splashed me with mud", kapena utchule matope kaye, "splashed mud on me". Komanso "pour" ndi kuthira kwadala, kochokera m'chiwiya. "She poured me tea" ndi Chingerezi chabwino, kutanthauza kuti anandithirira tiyi m'kapu. Ndiye ukalemba kuti tekisi "poured me mud", wowerenga akuona dalaivala atatsika ndi ketulo, akukuthirira matope kuti umwe.

Pali liwu lina lomwe ndikuchenjeze nalo msanga. Poti dothi ndi "soil", ena amati "I soiled my trousers" kapena "I soiled myself", poganiza kuti akunena za kudetsedwa ndi dothi. Kwa eni chiyankhulo, mawu amenewo nthawi zambiri amatanthauza kudziipitsira, ngati khanda. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Nditangofika kumene kuno ndinaitanidwa ku intaviyu pa ofesi ina m'tauni. Kunali mu Januwale, mvula ya masana ija ya ziphaliwali yomwe imabwera mosagogoda itangokata. Ndili pafupi kufika, galimoto inandisambitsa kuyambira m'mawondo kutsika. Nditalowa ndinafuna kupepesa mwaulemu, ndipo liwu lomwe ndinaliona kuti ndi la anthu ophunzira linali lomweli. Mayi wa polandirira alendo anatong'ola maso, n'kundilozera njira ya kuchimbudzi mwakachetechete. Ndinazindikira patapita masiku, mnzanga wina atagubuduka ndi phwete.

Ndaitchula nkhaniyi chifukwa sukulu idzatha, koma mvula ya ku Joni siidzatha. Chaka chilichonse kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, wina mwa ife amafika kuntchito kapena ku intaviyu atathimbirira. Zikakuchitikira, mawu ochepa akukwanira: "Sorry about my clothes, a taxi splashed me on the way." Basi, n'kukhala pansi. Wolemba ntchito akufuna munthu womveka, yemwe angamutume kwa kasitomala osada nkhawa. Poyankhula, samala lilime pa "l" ndi "r", poti kwathu timawasinthanitsa popanda vuto. Ndi "splash", osati "sprash". Ndipo "spray" ndi liwu lina, la madzi opopera ngati a mankhwala a udzudzu.

Kuntchito komweko udzakumananso ndi matope ena osaoneka ndi maso. Ife timati "akundipaka matope" munthu akamatiipitsira mbiri. Azungu nawonso amagwiritsa ntchito matope pa nkhani imeneyi, koma osati ndi "splash". Amati "They are dragging my name through the mud", kapena "smear", ndipo andale akamanyozana pa kampeni amati ndi "mudslinging". Ukadzalemba dandaulo kwa akuluakulu a kuntchito kuti mnzako "splashed you with mud", adzakufunsa mtengo wochapitsira zovala.

Tibwerere kwa inu mayi, pa nkhani ya malikisi ija, chifukwa ndi pomwe pagona nkhawa yanu. Pa mayeso a matiriki, omwe amalembedwa pomaliza Giredi 12, Chingerezi chili ndi mapepala atatu olemba, ndipo chimangirizo chimakhala pa Pepala 3. Chimakhala ndi malikisi 50. Mwa amenewa, 30 ndi a mfundo ndi mmene mwana wakonzera nkhani yake, 15 ndi a chiyankhulo ndi luso la kalembedwe, 5 ndi a kayalidwe ka ziganizo ndi ndime. Mukuona kuti gawo lalikulu lili pa nkhaniyo. Ndipo ngakhale pa 15 paja, ochonga amayang'ana ngati mawu akugwirizana ndi mutu, cholinga ndi omwe akuwalembera. Liwu lalikulu lokhala pamalo posayenera siliwonjezera kanthu, mwinanso limachotsa. Simunandiuze ngati mwana wanu amaphunzira Chingerezi ngati Home Language (chiyankhulo cha kunyumba) kapena First Additional Language (chiyankhulo choyamba chowonjezera). Zifufuzeni, chifukwa mu Giredi 12 a gulu loyambalo amalemba mawu 400 mpaka 450, pomwe a gulu lachiwiri amalemba 250 mpaka 300 okha. Pa mawu ochepa chonchi, palibe malo oonetsera suti yobwereka.

Maganizo anu aja ndikuwamvetsa, musadzione ngati mwalakwa. Tonse tinakulira kumene munthu woyankhula Chingerezi chosamveka ankatchedwa wophunzira kwambiri, ndipo pamsonkhano tinkamuombera m'manja tisanamve n'komwe zomwe wanena. Poti kwathu munthu akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sailandira, chiyankhulochi tinkachiopa ngati chilombo, n'kumayesa kuti pochigonjetsa pafunika zida zolemera. Ine ndemwe ndinali ndi kope lodzaza ndi mawu ataliatali omwe mpaka lero sindinawatchulepo pamaso pa munthu.

Musapite kusukulu kukalimbana ndi aphunzitsi. Mtumeni mwanayo yekha akafunse mwaulemu chomwe chizindikirocho chimatanthauza. Aphunzitsi ambiri amakondwera ndi mwana wobwera ndi pepala m'manja, ndipo naye aphunzira kudzifunsira, zomwe zidzamuthandize akadzafika ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ, komwe palibe womulondola. Komanso musamuletse kufufuza mawu. Mtima umenewo ndi wabwino, ungofunika kuuwongolera. Mumupezere dikishonale ya ophunzira, ya Chingerezi chokhachokha, kaya ya pepala kaya ya pa intaneti. Madikishonale otere amaika kachizindikiro pafupi ndi liwu, monga "formal", "literary" kapena "old-fashioned", ndipo amapereka ziganizo zachitsanzo. Aziwerenga zitsanzozo asanatenge liwu. Zomasulira za pa foni zimangoponya mawu osanena kuti ndi a kumaliro kapena a kuukwati.

Iwe mwana wanga, kalembenso ndime ija. Ine ndikadayamba chonchi: "The taxi hit the puddle and splashed me from the knees down. My white socks were spattered with red mud, and the bell was about to ring." Kenako usimbe zomwe unachita. Unabwerera kunyumba? Unalowa m'kalasi momwemo, chikwama chili kutsogolo kubisa malaya? Ndani anayamba kuseka? Malikisi 30 aja abisala m'mayankho amenewa, ndipo palibe dikishonale yomwe ili nawo, poti amene anaima pamsewu paja ndi iwe. Ukamaliza unditumizire ndidzaione.

Za malaya aja, mayi, inu ndinu odziwa kuposa ine, koma dothi lofiira la kuno limakanirira likapikichidwa lili lonyowa. Muziwasiya aume kaye, mukutumule, ndiyeno muwanyike.