Kachikhomo ka diso loikirira: musafulumire

Pepani ndi zomwe zinakuchitikirani, achemwali. Mwafunsa ngati mulole kuti diso loikirira alilumikize ndi kachikhomo ku kampira komwe adokotala anakakwirira mkati pochotsa diso lanu, kuti lizitembenuka mofanana ndi linzake. Ife tikuti dikirani kaye.

Yambani mwafunsa kuti kampirako ndi ka mtundu wanji. Kosalala, ka acrylic kapena silicone, sikabooledwa ayi. Kachikhomo kamatheka pa kampira kokhala ndi timabowo ngati siponji, monga ka hydroxyapatite, komwe poyamba ankapanga kuchokera ku korali wa m'nyanja. Mitsempha ya magazi imamera n'kulowa m'timabowomo, ndipo ntchito imeneyi imatenga miyezi 6 kapena kuposerapo. Dokotala wosamala amayamba wajambula ndi makina oona m'kati mwa thupi otchedwa MRI kuti aone ngati magazi afika pakatikati. Akaboola pomwe magazi sanafike, bala silipola ndipo tizilombo timakhazikika m'menemo.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, kachikhomoka, komwe ndi kachitsulo ka titanium, kamasiya khomo lotseguka pakati pa kunja ndi kampira. N'chifukwa chake ena amavutika ndi manthongo osatha, kanyama kofiira kotuluka magazi m'mbali mwa kachikhomo, kugogoda kwa diso akamayang'ana uku ndi uku, mwinanso kachikhomoko kusolomoka. Mafinya akalowa mkati, pena kampira konse kamayenera kuchotsedwa. Madokotala ambiri masiku ano sakondanso kuika tizikhomoti.

Popanda kachikhomo diso limayendabe ndithu, pakuti nthawi zambiri minofu yoyendetsa diso amaisokerera ku kampirako. Pocheza ndi munthu maso sayenda patali, ndiye ochepa okha ndi amene amazindikira. Chimene chimaonekera msanga ndi kuchepa kwa kampira. Munthu wamkulu amafunika ka mamilimita 18 mpaka 22. Kakachepa, chikope chapamwamba chimalowa mkati, wopanga maso amakakamizika kuumba diso lalikulu lolemera, ndipo m'kupita kwa zaka limagwetsa chikope chapansi.

Choncho limbikirani kupeza diso loumbidwa poyeza malo anuwo, pakatha masabata 6 mpaka 8 chichitireni opaleshoni. Mpaka nthawiyo musavule kachigoba kapulasitiki komwe anakuikani, kamateteza kuti kuseri kwa zikope kusafote. Diso latsopanolo muzilitsuka ndi madzi ndi sopo wosanunkhira; spiriti amaliwononga. Muzikalipukutitsa kwa katswiri kamodzi pachaka, ndipo nthawi zambiri limasinthidwa pakatha zaka pafupifupi 5. Magalasi a pulasitiki wolimba wotchedwa polycarbonate muzivala tsiku lililonse kuti muteteze diso lomwe latsalalo.

Mukalivala miyezi ingapo n'kuona kuti kayendedwe kake sikakukhutiritsani, pamenepo ndiye mukakambirane za kachikhomo ndi amene anakuchitani opaleshoni.